Galimoto Yanga ya ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe anandichotsa sukulu. Mlandu wake unali wochepa. Ndinadula mutu wa ahedi pa foni n'kuulumikiza pa thupi la tonde, chithunzicho n'kuyenda mpaka ku Malindi. Mpaka lero ndimati inali ntchito yooneka bwino, ndevu zomwe zinagwirizana. Ahedi sanaone luso. Ndinali Folomu 3, kunyanja sindinkakufuna, ndiye ndinakwera thiraki limodzi ndi anyamata a kwa Mponda, amayi akulira kuseri kwa nyumba.

Joni yomwe ndinaipeza ine inali shopu ya Msomali wina. Masana ndinkagulitsa buledi ndi ndudu pa kawindo ka zitsulo, ndipo ndinkagona kuseri kwa filiji chifukwa ndiko kumafunda. Malipiro ankathera pa mankhwala a chifuwa ndi bandulo. Mlungu unkatha osamva munthu akunditchula dzina, kupatula amayi pa foni: "Yusufu, ukudya koma? Tumiza chithunzi tikuone."

Ndikanatumiza chiyani, filiji? Ndinajambula galimoto yoyera yomwe ndinaipeza itaima pa malo omwetsera mafuta, ndinadziika pambali pake, ndinadzinenepetsa masaya, ndinadzipatsanso wotchi. Masiku ano foni imachita zonsezo munthu usanamalize kumwa tiyi. Amayi anayankha mawu amodzi okha, "Alhamdulillah," koma ndinawamvetsera kambirimbiri. Anyamata akwathu omwe anali ku Joniko atamva anayamba kubwera, aliyense akufuna yake. Ulesi wofuna galimoto ina unandigwira, onse ndinawapatsa yomweyo. Tinkaseka mpaka kutsokomola.

Kenako apolisi anandipeza ndilibe mapepala. Ananditsekera, pambuyo pake n'kutikweza basi. Ndinafika ku Nkhudzi ndi jumbo m'manja, kuphazi patapata.

Pabalaza ndinakumana ndi ine wonenepa uja, ali mu felemu pakhoma. Panja achimwene anga a Twaibu anali kukambirana ndi bambo wina wa ku Monkey Bay, pakati pawo pali injini ya boti yomwe anatisiyira malemu bambo athu. Injini imeneyo ndiyo inkadyetsa nyumba yonse. Achimwenewo amaigulitsa kuti apeze ya thiransipoti ya ku Joni.

Apa nthabwala zinandithera. Ndinanena zonse: filiji, chifuwa, chitokosi. Ndinavula patapata kuti aone ming'alu.

"Wayambanso," anatero amayi, osasiya kupeta mpunga.

 Achimwene anandigwira pamkono n'kuyenda nane m'mudzi. Kwa Abiti Saidi, pakhoma, mwana wawo watsamira galimoto yoyera. Kwa a Jafali, yomweyo. Kwa osoka maukonde, yomweyonso, mwana wawo atagwira chitseko monga ndinamuikira. Kunena zoona ndinanyada pang'ono.

"Umayesa ndife mbuzi?" anatero achimwene. "Nambala ya galimotoyo ana aang'ono akuiimba pamtima. Galimoto imodzi, eni ake mudzi wonse."

"Nanga mukupitiranji?"

"Iwe umadziwa zodula mitu pa foni. Nyanja waifunsa? Kale bambo ankayatsa nyali zaparafini, usipa n'kubwera wokha. Pano aliyense ali ndi mababu a sola, madzi onse ngwee ngati tauni, nsomba yasowa pobisala. Tikuwotcha mafuta mpaka kuona mapiri a tsidya, kubwerako ndi kosadzaza beseni. Kuseri kwa filiji yako kuja, pano kukugona ndani?"

Kusukulu anatiphunzitsa kuti nsomba ikamagwidwa isanaswane imatha. Ndinakhoza funso limenelo pa mayeso. Sindinaone pomwe ndikanaliika pa nkhani iyi.

Ndinabwerera kwa amayi kuti mwina iwo awaletse. Ndinawafunsa ngati ankadziwadi.

"Ndinakubala ndine. Masaya amenewo ukanawatenga kuti?"

"Nanga chithunzicho munachipachikiranji?"

"Anzanga akabwera ndiwaonetse chiyani? Iwonso amandionetsa zawo, ndimayamikira." Anauluza mankhusu. "Ukachichotsa ndikuthyola dzanja."

Injini inapita pa kalole, yokutidwa ndi thumba. Ndinathandiza kuinyamula, popeza amuna ena panalibe. Lachisanu titachoka ku mzikiti, achimwene anaima pa khoma la nyumba ali chivalire mkanjo wawo woyera n'kundipatsa foni.

"Jambula ndikadali ndi thupi. Koma undiike pa yofiira, yoyerayo yatopa."

Ndinawaika pa yofiira. Chinatuluka bwino kuposa zonse zomwe ndinapangapo, mthunzi womwe ndinaukonza. Ananyamuka m'mawa mwake. Chithunzicho chili mu foni yanga, anati ndiwapatse amayi akangoimba kuti awoloka malire. Amayi agula kale felemu. Achimwene sanaimbebe.