Ulendo wa ku France umene ndinaupalasa m'chipinda

Chaka changa chachiwiri ku Dubai ndinkalera mwana m'banja la Afalansa kudera lotchedwa JLT, pansanjika ya makumi atatu ndi chimodzi. M'nyumbamo munali bwana, madamu, kamtsikana kawo ka zaka zitatu ndi mphaka. Ine ndinali ndi kachipinda kanga kuseri kwa khitchini.

Tsiku lina mu Epulo madamu anandiitanira ku tebulo lodyera. Anali atayala mapu aakulu, makona ake atapanikiza ndi makapu. Anandiuza kuti mu Julaye, kutentha kukafika posauzana, apita kwawo milungu isanu, ndipo milungu iwiri yoyamba adzayenda pa njinga m'mbali mwa mtsinje wotchedwa Loire. Mwana adzakwera m'kangolo kokokedwa ndi njinga ya bambo ake. Ankafuna kuti inenso ndipite nawo.

"Koma kupalasa njinga umatha?" anandifunsa.

Ndinaseka. Kwathu ku Mchinji ndinayamba kupita kuchigayo pa njinga ya bambo anga ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, thumba la chimanga lili pakaliyala, mabuleki palibe. Pamtsetse ndinkaimitsa ndi silipasi.

Madamu anayendetsa chala pamapupo kutsatira mtsinje. Apa pali nyumba yachifumu yomangidwa pamwamba pa madzi. Apa minda ya mphesa. Apa mapanga osemedwa m'thanthwe loyera, mmene anthu amasungiramo vinyo ndi kulimamo bowa. Njirayo mbali yaikulu ndi ya njinga zokhazokha, kulibe minibasi yokuimbira hutala kumbuyo.

Bwana anati ndiyambe kuzolowetsa miyendo. M'chipinda chawo chogwiriramo ntchito munali njinga yosayenda, yomangirira pansi, ili ndi sikirini patsogolo. Munthu wina anajambula njira yonse ya m'mbali mwa mtsinjewo atamangirira kamera pahandulo. Ukapalasa, chithunzi chimayenda. Ukaleka, chimaima. Pachitunda mapedulo amalimba ngati ukukweradi. Mwana akagona masana ndinkapalasa theka la ola.

Sabata yomweyo ndinaimbira amayi kumudzi. Sindinawauze kuti asunge pamtima, ndipo Lamulungu lisanathe amayi a kwaya onse anali atamva kuti mwana wawo akupita ku Ulaya. Mng'ono wanga, amene amakhala ndi amayi ndipo ndiye amasunga foni, anandilembera kuti ndisadzaiwale zithunzi.

Zinalakwika pa pasipoti. Popita kukafunsira viza tinauzidwa kuti yanga yatsala pang'ono kutha, ndipo yatsopano sikanafika ulendo usanakwane. Madamu anayesa kufunsa uku ndi uku mpaka anagwa ulesi. Anandipepesa kawiri konse. Ine ndinati palibe kanthu, chaka chamawa, inshallah, Mulungu akalola. Koma kumudzi sindinaimbe. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa.

Ananyamuka m'mawa wa Loweruka. Mwana anandigwira siketi pachitseko cha lifiti mpaka bambo ake anachita kumunyamula. Nditabwerera m'nyumba ndinapeza pepala pafiriji: chakudya cha mphaka kawiri patsiku, maluwa kuthirira Lolemba ndi Lachinayi. Ntchito yanga ya milungu isanu inali yomweyo.

Aliyense amene anakhalako ku Dubai mu Julaye akudziwa. Ukatuluka panja zimakhala ngati watsegula uvuni nkhope ili pafupi. Anzanga awiri a kutchalitchi, olera ana ngati ine, mmodzi anapita ndi mabwana ake kunja, winayo sankaloledwa kutuluka. Ndinkaima pawindo kuyang'ana kanyanja kokumba kali pansi, palibe ndi munthu mmodzi yemwe woyenda m'mbali mwake. M'nyumba munkangomveka makina oziziritsa.

Tsiku lachitatu madamu ananditumizira zithunzi ndi dzina la mudzi umene anagona. Ndinalowa m'chipinda cha bwana, n'kufufuza dzinalo pasikirini, ndipo ndinalipeza. Ndinakwera njinga. Kuyambira tsikulo, chigawo chimene iwo ayenda dzulo, ine ndinkachiyenda lero.

Ndinaona zambiri. Njira inkadutsa pamwamba pa mtumbira wautali wotchinga madzi osefukira, mtsinje uli kumanzere, wotambalala, wodzaza zisumbu za mchenga. Mabwato athabwa akuda anali atamangidwa pagombe. Midzi yake inali ya miyala yoyera ndi madenga otuwa, mazenera atatsekedwa masana, ngati eni ake onse apita kumaliro. Munda wa mpendadzuwa unatenga mphindi khumi kuti ndiuthe. Kwathunso timalima mpendadzuwa, koma wotero, wofika kumene maso alekezera, ndinali ndisanauone. Pena njira inkalowa m'mitengo, kuwala n'kumagwa timadontho pamsewu, ndipo thupi langa linkayembekezera kamphepo kozizira, koma sikankabwera. Thukuta linkangogwera pathawulo limene ndinayala pansi.

Chithunzi cha mpendadzuwa chimene madamu anatumiza ndinachipatsira mng'ono wanga osalembapo mawu. Anayankha nthawi yomweyo: "Mwafika achemwali! Koma ndiye kokongola!" Ndinayang'ana foniyo nthawi yaitali. Sindinakane.

Bodza limakula lokha. Amayi akaimba ndinkawafotokozera za nyumba yachifumu ya pamadzi ija, za ng'ombe zoyera zonenepa ngati zosagwira ntchito, za tchalitchi chimene chitseko chake n'chachitali kuposa mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Sindinkapeka chilichonse. Zonse ndinali nditaziona, kungoti ndinaziona ndili m'chipinda. Mng'ono wanga atafunsa chifukwa chake sindikuoneka pazithunzi, ndinati ndine wojambula.

Pamudzi wina, njira itangokhota pa mlatho waung'ono, panali mayi wokalamba atanyamula buledi wamtali m'khwapa. Anayang'ana kamera n'kukweza dzanja. Inenso ndinakweza langa ndisanaganize. Ndinabweza chithunzicho kuti andipatsenso moni, ndipo mawa lake ndinayambira pomwepo ndisanapitirize ulendo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndikupita kukataya zinyalala ndinakumana ndi mayi wa ku Zambia amene ankakolopa makonde a m'nyumba yathuyo. Tinkadziwana pa moni basi.

"Ba sisi, mwachoma bwanji? Nimaganiza munayenda na ba madamu."

Nditati ndiyankhe, mawu anatuluka osasa. Kupatula pafoni, ndinali ndisanalankhule ndi munthu chichokereni iwo. Ndinakhosomola, n'kumufotokozera za pasipoti. Sindikudziwa chimene chinandichititsa, koma ndinamuuzanso za zithunzi zija.

Anatsamira mopu n'kuseka mpaka kupukuta misozi. "Ine zaka ziwili nimatumiza ku Chipata mapikicha ya swimming'i pulu ya pamwamba apa. Baganiza nisambamo. Nikolopa chabe m'mbali." Kenako anandiyang'anitsitsa. "Manje muli mweka zoona? Khalas, basi, nizabwela tizamwe tiyi."

Sanabwere. Basi ya kampani yawo inkawatenga nthawi yake ikangokwana, ndipo sabata yotsatira anamusamutsira ku nsanja ina.

Lamulungu lachitatu amayi anaimba atachoka kutchalitchi. Ndinayamba kuwauza za mapanga a bowa. Anandisiya ndimalize.

"Mwana wanga, kodi kumeneko kulibe mbalame?"

"Ziliko, amayi."

"Nanga mphepo? Ukaimba ndimangomva kamakina komwe kaja ndimakamva ukakhala ku Dubai."

Ndinakhala pansi pakhitchini, msana utatsamira kabati. Ndinawauza zonse, kuyambira pasipoti mpaka njinga yomangirira. Ndinkayembekezera kuti andikalipira chifukwa cha manyazi amene ndawapatsa kwa anzawo.

"Ndinadziwa sabata yoyamba," anatero. "Ndimadikira kuti unene wekha. Za anthu usade nazo nkhawa, ndithana nawo ine. Nanga ukudya ndi ndani?"

"Ndi mphaka."

Kumbali ya amayi ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo.

"Ndiye panjinga yakoyo wafika pati?"

"Kwatsala masiku atatu kuti ndifike kunyanja yamchere."

"Maliza. Uzindiuzabe zimene ukuona. Inenso sindidzapitako."

Ndinamaliza Lachitatu. Mtsinje unatambalala mpaka tsidya lina linangokhala kamzere, patali panaoneka mlatho waukulu, kenako chithunzi chinaima n'kubwera mawu ondifunsa ngati ndikufuna njira ina. Ndinatsika, ndinapukuta chishalo, ndinakachapa thawulo. Patsogolo panali milungu ina yoposa iwiri. Mabwana anali atapita kwa makolo a madamu ndipo zithunzi zinayamba kubwera patalipatali. Ndinatsuka mafiriji, ndinachapa makatani a nyumba yonse, ndinasita ngakhale zovala zimene zinali zositidwa kale.

Anabwera kumayambiriro kwa Ogasiti, manja atapsa ndi dzuwa mpaka m'zigongono. Madamu anandikumbatira n'kundipatsa botolo la jamu. Ndinagwada kuti ndimulandire mwana, koma anabisala kuseri kwa mwendo wa mayi ake, akundisuzumira ndi diso limodzi. Atalankhula, analankhula Chifalansa chokhachokha.

"Watopa," anatero madamu. "Mawa akukumbukira."

Iwo atapita kukasamba ndinakokera masutikesi kochapira n'kuyamba kumasula. Pansi penipeni, m'jumbo, munali nsapato za mwana. Zinali ndi matope ouma otuwa, ndipo m'masokosi munakakamira timbewu ta udzu. Ndinapala matopewo ndi chikhadabo n'kuwafikisa pakati pa zala. Anali osalala ngati ufa woyera. Ndinawanunkhiza. Ankanunkha dothi la kudambo mvula itangokata, losasiyana kwenikweni ndi lathu. Ndinaima nazo pamenepo mpaka madamu anaitana kufunsa kumene kuli thawulo la mwana. Ndinaika nsapatozo m'beseni n'kutsegula mpopi.