Ufa wa azakhali ndi mzungu wosalakwa

Ndikuvomera pamaso pa Chintheche yense: amene anaponda ufa wa kondowole wa azakhali anga ndine.

Koleji itandikanika, ndinapeza ntchito pa loji, yoperekeza alendo okonda kupalasa njinga m'tinjira ta kumidzi. Tsiku lina ndikutsogolera mzungu wina kulowera ku Bandawe, ndinasiya mahandulo kuti aone kuti akatswiri kuno aliponso. Pokhota panali mphasa, azakhali atayanikapo ufa umene anauvutikira sabata yathunthu. Ndinalowamo ndi matayala onse awiri.

Azakhali potuluka m'nyumba, ine ndinaloza mlendo uja, amene ankangofika kumene.

"Sadziwa njira zathu, azakhali. Mukhululukireni."

Mzunguyo ndinamuuza kuti kwathu kuno moni timapereka chogwada. Anagwada bwino kwambiri, mpaka kuwomba m'manja.

Azakhali anamudzutsa n'kumupatsa mango awiri. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe wakukoleji, woponda ndi mzungu, koma ufa wasankha nsidze zako?"

Mpaka lero ndikafika pokhota paja ndimatsika njinga, ndipo azakhali amakuwa ali pakhonde: "Bisani mphasa, mzungu wathu wabwera!"