Njelewele za pakhosi pa mwana wanga

Mwana wanga wachiwili, wamkazi, anayamba kusasa mawu ali ndi zaka ziwili ndi theka. Inali nyengo yozizila, ana onse a m'mudzi mwathu ku Msanzala anali ndi chimfine, ndiye sindinadandaule. Ndinamumwetsa madzi ofunda a ndimu. Anzake anachila, iye ayi. Akamaitana nkhuku mawu ake ankamveka ngati a nkhalamba yosuta fodya, ndipo ife tinkaseka. Ndimachita manyazi kunena zimenezi, koma tinkaseka, mpaka kumuuza kuti abweleze.

Ku kiliniki anatipatsa mankhwala a chifuwa. Titabwelelako anati mwina ndi mphumu, chifukwa tsopano akathamanga pang'ono pakhosi pake pankalila kamluzu. Anatipatsa mankhwala opopela m'kamwa. Sanathandize.

Tsiku limene ndinachita mantha tinali kumunda, tikukumba nsawa. Ndinamukhazika pachitenje pansi pa mtengo wa mango, kumbuyo kwanga, osati patali, ine n'kuwelama ndi khasu. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Nditawelamuka kuti ndiwongole msana ndinamuona ataimilila, kukamwa kuli yasa, misozi ili mbwee, akupondaponda pansi. Linthumbu linali litamukwela miyendo mpaka pamimba. Ankalila ndi mphamvu zake zonse, koma chimene chinkatuluka unali mpweya chabe. Ndinamuvula zovala n'kumuchotsa nyelelezo imodziimodzi, zina zitakanilila pakhungu. Iye ankangondiyang'ana. Anali atandiitana, ine osamva.

Mwamuna wanga anatinyamula panjinga mpaka ku Petauke. Dokotala wa kumeneko anamvetsela pachifuwa nati mapapo ali bwino, vuto lili pakhosi, koma chida choonela m'katimo chili ku Lusaka. Anatilembela kalata. Ine ndinali ndisanapondeko ku Lusaka. Basi itaima pa Nyimba, azimai ogulitsa nthochi anazinga mawindo, mwana analoza ndi chala. Anali atazolowela kale kulankhula ndi chala.

Ku Lusaka tinapeza dokotala wamkazi. Analowetsa kachingwe kokhala ndi nyali m'mphuno mwa mwana, natiwonetsa pa kanema. Pamalo potulukila mawu panali tinthu tofiilila, tothithikana, ngati njelewele. Kenaka anatembenukila kwa ine.

"Amai, pamene munali ndi pakati pa mwanayu, kodi munatulukapo njelewele kumalo obisika?"

Mwamuna wanga anali pampando pomwepo. Ndinayang'ana pansi. Zinatuluka mimba ili ndi miyezi isanu, ndipo zinatha zokha nditabeleka. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale a nesi a kusikelo, poti sizinkawawa.

"Zinalipo," ndinatelo.

Anatifotokozela kuti ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene akuluakulu ambili amakhala nako osadziwa. Kali mitundumitundu: mtundu wina umayambitsa khansa ya khomo la chibelekelo, wina njelewele. Mwana amatha kukatenga pobadwa, ndipo mwa ana ochepa kamakhazikika pakhosi.

"Ndiye ndine ndinamupatsa?"

"Simunadziwe, amai. Ambili amene ali nako, ana awo sadwala."

Kusikelo ankatiphunzitsa kuti mai amapatsa mwana asilikali a m'magazi akadali m'mimba, omuteteza ku matenda. Ndinafunsa kuti nanga anga anali kuti. Dokotala anati kachilombo aka kamabisala pakhungu, kotelo kuti matupi a anthu ena sapanga asilikali okwanila olimbana nako. Ndipo ngakhale asilikali amene mai wapatsa mwana amatha pakapita miyezi ingapo, mwana n'kutsala yekha.

"Nanga mutatenga magazi anga lelo n'kumupatsa?"

Anapukusa mutu.

"Nanga katemela uja akubaya atsikana kusukulu?"

"Amateteza amene sanakatenge. Sachotsa zimene zamela kale."

Apa m'pamene mwamuna wanga analankhula koyamba. "Ndiye mankhwala ake n'chiyani, a dokotala?"

"Timazichotsa ndi opaleshoni. Koma ndikuuzeni zoona, bambo, zimamelanso."

Panja tinakhala pabenchi ine ndi mwamuna wanga. Ndinkayembekeza kuti andifunsa kumene ndinakatenga kachilomboko, ndipo inenso ndinali ndi funso lomwelo kwa iwo. Dokotala anali atanena kale kuti palibe angadziwe amene anayamba nako, poti kamakhala m'thupi zaka. Kenaka mwamuna wanga anati, "Amake mwana, kodi mwanayu wadya?" Mpaka lelo sitinafunsane.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lachisanu tili kunyumba, ndikusesa pabwalo, ndinamva kumbuyo kwanga, "Amai, mbuzi yalowa m'khichini." Mawu aang'ono, osalala, amene ndinali nditawaiwala. Ndinaisiya mbuziyo idye zimene inkadya. Ndinagwada n'kumuuza kuti anenenso.

Mawuwo anakhala miyezi inai. Kenaka m'mawa wina, akupempha madzi, ndinamva ngati kamchenga kumapeto kwa mawu ake. Ndinadziuza kuti ndi fumbi. Sabata yotsatila mwamuna wanga nawonso anamva. Anangondiyang'ana, n'kupita kukapopa matayala a njinga.

Ku Lusaka tapitako kasanu tsopano. Mwanayo njila akuidziwa. Tikangowoloka mlatho wa Luangwa amasiya kudya chilichonse chimene ali nacho m'manja. Ulendo wachinai anandigwila chitenje pakhomo la chipinda cha opaleshoni n'kunong'ona kuti, "Amai, tiyeni kunyumba. Sindifuna mawu." Ndinamasula zala zake ndekha, chimodzichimodzi, n'kumupeleka kwa a nesi, chifukwa si nkhani ya mawu okha. Njelewelezo zikakula zimatseka mpweya.

Pano ali ndi zaka zisanu ndi ziwili, wayamba sukulu. Aphunzitsi amamukhazika kutsogolo ndipo akafuna kuyankha amawelama kuti amumve. Mayankho amawadziwa. Anzake ena amamutsanzila, ena amamulankhulila ngakhale pamene sanawapemphe. Dokotala amati kwa ana ena zimaleka akatha msinkhu, kwa ena ayi, ndipo sangandiuze kuti wanga ali mbali iti. Mkulu wake, woyamba kubadwa, anabayidwa katemela kusukulu. Ndinamupelekeza ndekha, ndinaima naye pamzele mpaka singano italowa, ngakhale anachita manyazi pamaso pa anzake. Pamene ine ndinali mtsikana, katemelayo kunalibe.

Chaka chathachi ndinatenganso pakati. Kusikelo ndinaulula zonse tsiku loyamba lomwe. A nesi anandiyeza nati palibe njelewele, ndisade nkhawa kwambili. Ndinafunsa ngati pali chimene ndingachite, kaya chakudya kaya jekiseni, kuti asilikali anga achuluke asanapite kwa mwana. Anati katemela sabaya munthu wapakati, ndizingobwela kusikelo masiku ake.

Mwanayo ndi wamwamuna, ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Apongozi anga amandikalipila kuti ndimachedwa kumunyamula akadzuka n'kulila. Amanena zoona. Ndimayamba ndaima pakhomo, manja ali ndi thovu la sopo, n'kumvetsela kaye.