Nkhoswe ya Galu wa ku Romford

Jekete ija inali yofiira, yaubweya mkati, ndipo inkamangidwa ndi lamba pansi pa mimba. Inali ya galu. Yanga inali yosiya mwana wa munthu wina wa kutchalitchi, zipi yofera pakati, manja aafupi ngati ndikupita kotsuka mbale. Mpaka lero ndikaona galu atavala, mtima umandiwira pang'ono.

Galuyo anabwera kwathu ku Romford, kuno kwa Azungu, chifukwa cha chibakera changa. Ndinali nditamenya mnyamata wina kusukulu, ndipo musandifunse ngati ndinalapa, chifukwa anayamba ndi iye. Mayi anaitanidwa. Aphunzitsi anga, mzimayi wachizungu wamtali wonunkha fodya ndi agalu, atatha kunena za ine anafunsa ngati kuseri kwa nyumba yathu kuli mpanda. Mayi, amene manyazi anali atawagwira kale, ankangoti inde pa chilichonse. Kwathu ku Malawi mphunzitsi sakanidwa. Tinatuluka mu ofesi muja ine osalangidwa, mayi atavomera galu.

Nkhani yake inali yotere. Aphunzitsiwo akaweruka ankatola agalu a mtundu wa gireyihaundi, aja othamanga pa mpikisano anthu akubetcha, eni ake akawataya chifukwa cha ukalamba kapena kuvulala. Ankawagawa m'makomo kuti asungidwe kaye, aphunzire kukwera masitepe ndi kusaopa wailesi ya kanema, mpaka apezeke munthu wowatenga mpakampaka. Ife tinali ongosungira. Mayi anamva bwino mawu amenewo, n'chifukwa chake anamutcha Zaeni. Ine ndinatseka makutu.

Anali wamkazi, wotuwa ngati phulusa, mutu wosongoka, nthiti zonse pamtunda, mwendo wakumbuyo akuukoka pang'ono. Mayi atamuvula jekete anagwira pakamwa. "Anthu adzati tikumumana." Kuyambira tsiku lomwelo anayamba nkhondo yomunenepetsa: mapapo a kumsika, zikopa za nkhuku, phala lothira mkaka. Aphunzitsi anafotokoza kuti mtundu wake ndi wotero basi, sanenepa. Mayi anati inde, n'kuwonjezera mbale.

Mwini mbumba pakhomo pathu anali malume, mlongo wawo wa mayi, amene anathawa ku Malawi pa nkhani za ndale ndipo ankagona pa sofa pabalaza. Bambo ankachoka m'mamawa kupita kuntchito ku Wembley, ndipo pa za m'nyumba yankho lawo linali limodzi: "Funsani alamu." Malume anakana zoti galu agone m'nyumba. Anati galu malo ake ndi panja, ntchito yake ndi kuuwa, ndipo uyu ngakhale kuuwako sankadziwa. Anamutulutsa. M'mawa mwake, udzu utayera ndi chisanu, tinawapeza onse awiri pa sofa, malume atapinda miyendo, galu atatambasula yake. Sanafotokoze, ifenso sitinafunse.

Chimene chinawamaliza anali mapepala. Atamva kuti galuyo ali ndi mapepala otchula make, agogo ake ndi agogo a agogo ake, pamene iwo ankapitabe ku Croydon kukafola pamzere chifukwa cha pepala limodzi lowalola kukhala m'dziko muno, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kenako anati, "Ndiye kuti ndi mwana wa pabanja." Kuchokera pamenepo anasiya kunena kuti galu. Ankati mtsikanayu.

Ine mtima wanga unali utapita kale kwa galuyo. Ndikaweruka ndinkathamanga kukamutenga, n'kupita naye kupaki dzuwa la m'dziko muno lisanazime ngati kandulo. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi, makutu ozizira ngati ndalama zachitsulo, fungo lake la bulangete lonyowa. Ndikakhala pansi ankaika mutu pabondo langa n'kuusa moyo ngati nkhalamba. Teremu imeneyo sindinamenye munthu. Aphunzitsi anati galu wandisintha. Bodza. Ndinalibe nthawi chabe.

Itatha Khirisimasi, anthu ofuna kumutenga anayamba kubwera. Mwa dongosolo la aphunzitsi, nkhaniyo inali yachidule: anthu abwere, aone galu, aphunzitsiwo avomereze. Koma Loweruka loyamba lija malume anatuluka m'bafa atavala suti ndi tayi, nakhala pa mpando wa bambo, Zaeni ali kumapazi kwawo. "Mwana wamkazi sachoka pakhomo popanda nkhoswe," anatero, ngati akuwerenga vesi.

Oyamba anali mnyamata ndi mkazi wake, a galimoto yonyezimira. Atangolowa anadutsa mayi, anadutsa malume, nakagwada pamaso pa galu, akumuyankhula ndi timawu ta ana. Tiyi anakana, amvekere tamwa kale. Malume anawasiya amalize, kenako anayamba kuwafunsa m'Chingerezi chawo cha kumishoni: kwanu n'kuti, makolo ali moyo, mumapemphera kuti. Mnyamata uja anaseka, akuyesa nthabwala. Malume sanaseke. Atatuluka, chigamulo chinali chachifupi: anthu opatsa moni galu asanapatse moni eni khomo, mawa adzamuiwala galuyo akaona mphaka.

Wachiwiri anali bambo wa khosi lonenepa. Anamugwira Zaeni miyendo, anamuyasamulitsa, nafunsa ngati angathebe kuthamangitsa akalulu kumunda kwa mnzake. Malume anaimirira n'kukatsegula chitseko okha. "Uyu sakufuna mbeta, akufuna waganyu." Pa ameneyu ngakhale lero ndimawavomereza. Munthu uja ndikanakhala wamkulu ndikanamuperekeza ndi nsapato.

Ena anagwa pa zifukwa zimene sindingaziteteze. Mayi wina anakanidwa chifukwa anabwera yekha ndipo sanathe kutchula mbale aliyense. Banja lina linapita chifukwa mwana wawo anaponda sofa ndi nsapato makolo akuona. Aphunzitsi ankafiira kuyambira kukhosi mpaka kumakutu. Anafotokoza kuti kuli agalu ena akudikira m'makola ozizira, kuti Zaeni akapanda kuchoka, malo a wina sapezeka, ndipo malume akapitiriza adzabwera kudzamutenga okha. Mayi ankapepesa atagwira m'manja. Malume ankamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti za banja sizithamangiridwa.

Ine ndinawerenga zanga. Ndinaona kuti malume ali mbali yanga, kuti akukana dala mpaka aphunzitsi atope atisiyire galu. Ndinayamba kuwapukutira nsapato osatumidwa. Tiyi ndinkawathirira shuga wowonjezera. Alendo akamabwera ndinkawasuzumira pawindo n'kukanong'oneza zolakwa zawo: ameneyo watayira fodya pageti, ameneyo wakalipira mkazi wake m'galimoto. Chichewa changa nthawi imeneyo chinali cha kumva kokha, koma pa ntchito ya ukazitape chinkatuluka.

Tsiku limene malume ananditembenukira kunkagwa kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. Kunabwera mdala wina, dalaivala wa basi wopuma ntchito, mkazi wake atamwalira chaka chapitacho. Nsapato zake zinali zakutha, chipewa chonyowa. Nditamuona mtima unakhala pansi, ndinati uyu safika ndi pa tiyi pomwe. Koma sanabwere yekha. Kumbuyo kwake kunali mlongo wake, gogo wonenepa wa ndodo, amene anangomuperekeza chifukwa mdalayo sankamva bwino khutu limodzi. Malume atamuona gogo uja anakonza tayi.

Alendowo anapukuta mapazi. Anapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ine. Tiyi anamwa, mandasi a mayi anadya awiriawiri. Anakamba za mvula ndi za mawondo, galu osamuyang'ana, mpaka Zaeni anadzuka yekha n'kukanunkhiza thalauza la mdala uja. Pamenepo malume anasiya mdalayo, natembenukira kwa mlongo wake. Anafunsa kuti mtsikanayu akadwala, kapena mchimwene wanuyu akagonekedwa m'chipatala, ife tidzafunse ndani. Gogo uja sanadziwe kuti ali pa mlandu wanji. Anangoti, "Ine. Ndimakhala nyumba yoyandikana naye, ndipo ndakhala ndikumukonzera zolakwa zake chibadwire."

Malume anawomba m'manja kawiri, pang'onopang'ono. "Tamva. Mutengeni."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Kenako ndinakuwa, m'Chingerezi, mawu amene mayi anayerekeza kuti sakuwadziwa. Ndinamenya chitseko cha kukhitchini ndi phazi mpaka chala chinatupa. Palibe anandithamangira. Malume anali otanganidwa: anagwada pa kapeti mu suti yawo, anagwira galu kukamwa, nayamba kumulangiza alendo akuonerera. Kumeneko usakabe nyama patebulo. Mdalayo ndi wamasiye, akamayankhula yekha uzikamvetsera. Ukakhumudwa usakathawe, pali alamu ako pafupi. Usakatichititse manyazi. Mayi nawo anatulutsa poto wawo wakale amene ankamuphikiramo mapapo, namupereka kwa gogo uja, chifukwa mwana sapita kubanja chimanjamanja. Aphunzitsi anaima pakona atagwira lamba wa galu, nkhope yawo ngati munthu amene walowa m'tchalitchi cha eni mapemphero ali pakati.

Zaeni anakwera galimoto ya aphunzitsi, yokamutula kwa mdalayo, osacheuka. Agalu alibe manyazi, ndikuuzeni.

Malume sindinawayankhule mpaka Isitala. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali kupereka galuyo ayi, koma mmene anakhalira chitseko chitatsekedwa. Anavula tayi, anapempha chakudya, anadya mpaka kuwonjezera, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Ndinati munthu uyu alibe mtima. Ndinali ndisanadziwe kuti nkhoswe sikana kuti isunge, imakana kuti ipereke pabwino. Ndinalinso ndisanadziwe kuti kumudzi ana a alongo awo ankakwatiwa mmodzimmodzi, ena kwa amuna abwino, ena kwa zidakwa, mwini mbumba ali pa sofa ku Romford, osafunsidwa ndi munthu. Ine ndinangoona malume akutafuna mosangalala tsiku limene ananditayira galu, ndipo ndinawabisira shuga.