Mphunzitsi Wobisa Nkhope za Ana

Pasukulu ina ya pulaimale mumzinda wa Zwolle pali mphunzitsi wa imvi amene amayenda ndi kakompyuta ka tabuleti m'khwapa ngati m'busa ndi Baibulo. Mawu ake ndi amodzi: "Masiku ano ntchito amagwira ndi makina." Ana akachita sewero, iye amajambula kanema wogwedera, n'kutumiza kwa Mayi Hilke, kholo lothandiza mongodzipereka. Loweruka lonse mayiwa amadula, kulumikiza, ndi kubisa nkhope za ana atatu amene makolo awo anakana kuti aonekere.

Tsiku la makolo, mkuluyu anathokoza pulogalamu ya pakompyuta chifukwa cha kanemayo mpaka kuitchula dzina. Mayi Hilke anamvera ali kumbuyo, akuthira khofi m'makapu.

Sewero lotsatira litajambulidwa, Mayi Hilke anamuuza modekha kuti, "Aphunzitsi, ulendo uno apatseni makina aja."

"Mwakwiya kodi, Mayi Hilke?"

"Ayi, ndangokumbukira kuti Loweruka ndi langa."

Mkuluyu anadina yekha batani lobisa nkhope, osaonanso zomwe zatuluka. Makolo atasonkhana, anaonera kalasi yonse ikuvina, mitu ili mbuu ngati mbatata zosenda. Nkhope yooneka inali ya mphunzitsi yekha, amene naye anadzijambula, poti anaisankha mosamala kuti isabisidwe.

"Pepani aphunzitsi," anatero bambo wina, "ine ndathawa kuntchito kuti ndidzaone mwana wanga. Ndi mbatata iti pamenepa?"

Mphunzitsi anatembenuka kufuna womupulumutsa. Mayi Hilke anali pampando wakutsogolo, manja pamiyendo, akudikira yankho pamodzi ndi makolo anzawo.