Chikwama Chodalitsidwa cha Mae Lamduan

Aliyense amene ankagwira ntchito m'maofesi a mumsewu wa Silom ku Bangkok zaka zimenezo anadyapo mpunga wa nkhuku wa Mae Lamduan, ndipo wokana akunama. Kangolo kawo kankaima pakhonde la sitolo ya mankhwala, nkhuku zowiritsa zili lende m'kagalasi, msuzi ukubwata pambali. Anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, wochokera kumudzi ku Roi Et. Mu Bangkok anabwera ali mtsikana, n'kutchona. Amuna awo anamwalira mwana akuyamwabe, ndipo mwanayo, Thawi, anakulira pansi pa kangolo komweko mpaka anayamba kabaza wa njinga yamoto.

Mae Lamduan sankakhulupirira banki. Phindu likaunjikana ankapita kwa Atchaina a ku Yaowarat kukagula tcheni cha golide, n'kuchivala m'kati mwa bulauzi. Golideyo anali ndi ntchito imodzi basi, mwambo wolowetsa Thawi umonke. Mwana wamwamuna amayenera kumeta mpala n'kuvala mkanjo wachikasu, ngakhale kwa milungu yochepa, kuti abweze mkaka wa amayi ake. Mkazi sangakhale mmonke, ndiye amati tsiku lomwalira mayi amagwira mphonje ya mkanjo wa mwana wake n'kukwera nayo kumwamba. Koma mnyamatayo alowe asanakwatire. Akayamba n'kukwatira, madalitso amapatukira kwa mkazi wake. Mae Lamduan analibe mwana wina, ndipo nkhaniyi sankaiseweretsa.

Nthawi imeneyo ndalama zinkachita kusefukira m'tauni. Kalaliki wamba ankayenda ndi foni yonga njerwa. Panali kasitomala wina, Khun Wanphen, dona wa pakampani yobwereketsa ndalama, amene ankadya pakangolopo masana aliwonse, chikwama chake atachikhazika pampando wakewake ngati mlendo.

"Azakhali, golide ndi wa anthu akale," anatero tsiku lina ataona tcheni chikusuzumira pakhosi pawo. "Chikwama ichi ndinagula chaka chatha. Lero nditati ndigulitse, andipatsa zoposa zomwe ndinalipira. Eni ake ku Falansa amakweza mtengo chaka ndi chaka."

"Chikopa cha ng'ombe chomwechi?"

"Ng'ombe ya ku Falansa, azakhali. Osati zanu za ku Roi Et zodya ziputu za mpunga."

Tisawaseke mayiwa. Masiku amenewo tauni yonse inali italedzera, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Anaiganizira nkhaniyo kwa miyezi, kenako anavula matcheni onse n'kukawabweza ku Yaowarat. Anavala bulauzi yawo ya kumaukwati n'kukalowa m'sitolo yozizira yogulitsa zikwama za ku Falansa, atsikana ogulitsa akuwayang'ana kumapazi. Anatulukamo ndi chikwama chofiirira, cha zogwirira zotuwa bwino, mtima uli m'malo kuti mwambo wa Thawi tsopano ukukula wokha m'kabati.

Koma chinthu chodula sichigona m'nyumba chisanakaone kukachisi. Njinga ya Thawi inadalitsidwa, kangolo kanadalitsidwa, nanga chikwama chikanatsala bwanji? Anapita nacho kwa mmonke wokalamba wa pakachisi wa m'mbali mwa ngalande. Mkuluyo anaviika mtolo wa udzu m'madzi odalitsa n'kuwaza mosaumira, kenako anadinda timadontho ta dothi loyera m'kati mwa chivindikiro ndi chala chake. Madziwo atauma anasiya mawanga akuda pa zogwirira zija. Mae Lamduan anakondwa kwabasi, poti zinaonekeratu kuti madalitso alowerera.

Chikwamacho anayenda nacho kamodzi kokha, kumudzi, pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Kumeneko ndiye pakamwa panawathawa. Anauza abale kuti mwambo wa Thawi udzachitikira pamudzi pomwepo, padzagwa ng'ombe, padzabwera bandi ya ku Khon Kaen, ndipo mnyamatayo adzapita kukachisi atakwera hatchi. Abale anachisisita chikwama chija mosinthana n'kuvomereza kuti mlongo wawo walemera.

Kenako chinafika chaka cha 1997, ndalama ya baht inagwa chagada. Makampani obwereketsa ndalama anatsekedwa motsatizana. Nyumba zosanja zimene zinkamangidwa zinaima zili mafupa okhaokha. Anthu amataye anayamba kubwera ndi mpunga wa kunyumba, ena anangosowa. Mae Lamduan anachepetsa nkhuku zowiritsa, komabe dzuwa linkapendeka zina zili lende m'kagalasi muja.

Mvula ikakuona litsiro siikata. M'masiku omwewo Thawi anabwera kukangolo n'kuyamba kutsuka mbale popanda womutuma, ndipo amayi ake anadziwiratu kuti pali nkhani.

"Lankhula. Wagunda munthu?"

"Ayi amayi. Ndi Saijai, uja wa kufakitale ya nsapato. Ndi woyembekezera. Kwawo akuti ukwati uchitike mimba isanaonekere."

Mae Lamduan sanakalipe. Mtsikanayo ankamudziwa ndipo ankamukonda ndithu. Koma mtima wawo unathamangira kumkanjo wachikasu. Ngati ukwati uli pafupi, ndiye kuti mwambo uyenera kuchitika msanga kuposa ukwatiwo. Loweruka lotsatira anatulutsa chikwama m'kabati.

Kunali kutatseguka msika watsopano pamalo ena oimikapo magalimoto, anthu ankautcha msika wa olemera akale. Mabwana a dzulo ankaima pambali pa magalimoto awo akuluakulu, akugulitsa mawotchi, mabotolo a vinyo, ngakhale magalimoto enieniwo. Zonse zinali kaunjika tsopano. Ndipo pamzere wachiwiri, atakhala kumbuyo kwa galimoto yotsegula, zikwama zake zitayalidwa pansalu, panali Khun Wanphen.

"Azakhali, musanditukwane," anatero asanapatsidwe n'komwe moni.

"Ndikutukwane ndi mphamvu ziti? Wadya koma?"

"Kuyambira m'mawa sindinagulitse n'chimodzi chomwe. Pitani kwa Je Hong uko, ndi yekhayo akugula. Amakagulitsa kwa alendo a ku Japan."

Je Hong anali mayi wonenepa wa magalasi pamphuno. Anachitembenuza chikwama chija, kuchinunkhiza, kuyang'ana ulusi wake, kenako anaima pa zogwirira.

"N'chenicheni, palibe kukayika. Nanga mawanga awa? Munanyowa nacho pamvula?"

"Mvula ya kuti? Amenewo ndi madzi a kukachisi."

"Choyera m'katimu?"

"Chala cha amonke aakulu eni ake."

Je Hong sanaseke. Anaika chikwama pansi, kugwirizanitsa manja pachifuwa mwaulemu, n'kutchula mtengo. Mtengowo sukanalipira bandi ngakhale kwa masana amodzi.

"Achemwali, ine madalitso ndimawalemekeza," anatero. "Koma wa ku Japan sagula madalitso, amagula chikopa choyera. Chikanakhala chopanda mawanga ndikanaonjezako, komanso osati kwambiri. Aliyense akugulitsa, wogula ndani?"

Mae Lamduan ananyamula chikwama chawo n'kubwerera. Basi inadutsa pasitolo ya golide, ndipo mtengo wolembedwa pagalasi unali utakwera kuposa tsiku limene iwo anagulitsa matcheni awo. Zinawawawa zedi, anangoyang'ana kumbali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wawo anamusiya okha.

Anadikira mlungu, poganiza kuti mwina zinthu zisintha. Zinasinthadi. Atabwereranso, tebulo la Je Hong linali litadzaza zikwama zofanana ndi chawo, ndipo mtengo unali utatsikanso.

"Mlungu watha munanena zina."

"Mlungu watha zinali zochepa. Mukabwera mlungu wamawa ndidzanenanso zina."

Anagulitsa. Ndalamazo zinangokwana mkanjo, mbale yolandiriramo chakudya, ambulera, ndi chakudya cha amonke cha tsiku limodzi. Thawi ataziona anagwa nkhope.

"Amayi, tingosiya. Ndidzalowa zinthu zikadzayamba kuyenda, tidzachite za bandi zija."

"Utakwatira? Kuti Saijai akwere kumwamba ine ndili pansi pano ndikusenda adyo?"

"Saijai si woumira, adzakugawirani."

"Ine sindikwera matola a mpongozi. Ukumeta mwezi uno."

Chovuta chinali kuimbira foni kumudzi. Anauza mng'ono wawo kuti mwambo uchitikira ku Bangkok konkuno, kulibe ng'ombe, kulibe hatchi, asavutike n'kubwera. Mng'onoyo anangofunsa za chikwama. Mae Lamduan anadziwa kuti pofika madzulo mudzi wonse ukhala ukuseka. Manyazi anawagwira ndithu, ndipo tsiku limenelo sanalankhule ndi makasitomala.

Mwambo unachitikira pakachisi wa m'mbali mwa ngalande. Mae Lamduan anadula tsitsi loyamba pamutu pa Thawi n'kuliika patsamba, misozi ikutsika osaipukuta. Pomuperekeza mozungulira nyumba yopatulika ya pakachisipo panalibe bandi, koma anyamata a kabaza anabwera ndi majekete awo a ntchito n'kumawomba m'manja, wina akuimba chidebe. Saijai anayenda kumbuyo atanyamula pilo wa mmonke watsopanoyo, amayi ali patsogolo ndi mkanjo m'manja. Khun Wanphen anabwera pabasi n'kuthandiza kugawa mpunga.

M'mawa mwake Mae Lamduan anafika pakangolo kusanatenthe. Anasankha chidale cha nkhuku chonona kuposa zonse n'kuchikulunga ndi mpunga wotentha. Amonke oyenda kulandira chakudya anatulukira pakona ali pamzere, opanda nsapato, ndipo womalizira anali Thawi, mutu uli mbee, mkanjo ukumuvuta kumanga paphewa. Mae Lamduan anavula nsapato zawo n'kugwada pasimenti. Mnyamata amene ankamukoka khutu mwezi wathawo anaima patsogolo pawo maso ali pansi, natsegula mbale yake. Mayiwo anaikamo chakudya chija. Mmonke sathokoza, ndipo naye sanathokoze. Anayamba mawu odalitsa, n'kuiwala pakati, mpaka mmonke wa patsogolo pake anamukumbutsa chapansipansi.

Ali chogwada choncho anaona kuti chala chachikulu cha mwana wawo chang'ambika, atapunthwa panjira. Mphonje ya mkanjo inali pafupi ndi nkhope yawo, ikugwedezeka ndi kamphepo. Dzanja lawo linanyamuka lokha, koma linaima m'malere, poti mkazi sakhudza mmonke ngakhale anamubereka yekha. Analibweza n'kuligwirizanitsa ndi linzake pamphumi.

"Pitani bwino, amonke," anatero. "Mphonjeyo ndidzaigwira tsiku lake."