Mkamwana wa a Chilongo

Chrissy Matewere anabadwira ku Chiradzulu, ndipo unamwino anauphunzira kwa masisitere aja okumenya ndi diso ukaiwala kusamba m'manja. Boma litamutumiza ku kachipatala kena kufupi ndi Nthalire, mayi ake analira ngati pagwa maliro. Iye anapita basi. Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa, ofunsafunsa ankasowa.

Kumeneko anaphunzira monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa eni dera, anaphunzira kugwada mpaka maondo anazolowera. Anaphunziranso kuti mkazi wokwatiwa, amene amamutcha mkamwana, saonetsa nkhope kwa apongozi ake aamuna, ndipo satulutsa mawu iwo ali pomwepo. Chrissy ankauyamikira mwambowo, nanga ulemu n'ngoipa? Koma tsiku lina unatsala pang'ono kumuphera munthu m'manja.

M'mawa wa tsikulo Rebecca NyaMsiska anabereka mwana wamwamuna, zonse bwinobwino. Dzuwa lili paliwombo kunafika Landirova ya chipani, yodzatenga amayi okayeserera magule ku boma. Munatsika a Chilongo, tcheyamani wa dera lonselo, amenenso anali apongozi ake a Rebecca. Bambo ameneyu akangotsokomola, anthu ankayamba kupisa m'matumba kufuna makhadi a chipani. Atamva kuti kwabadwa mdzukulu, analowa m'wodi opanda odi, nakhala pampando wa pakhomo. Rebecca anadzifunditsa chitenje mpaka kumutu n'kutembenukira kukhoma.

A Chilongo anayamba nkhani: dzina la mwana, chitukuko, ng'ombe zawo. Nkhani yake yosatha! Chrissy anaima pambali akumwetulira monga ankamwetulirira aliyense nthawi imeneyo, koma mtima sunali m'malo. Mayi wongobereka kumene amafunika kumuona pafupipafupi, ndipo nthawi yomuona inali itapitirira kale. Apongozi aakazi, amene anali atanyamula khanda, ananong'oneza Chrissy kuti asadandaule, mtsikanayo ndi waulemu chabe.

Khandalo linalira. Rebecca sanasunthe. Ulemu wanji woti mwana wako alire, iwe osagwedeza ngakhale phewa? Chrissy anayang'ana phazi limene linatulukira kunsi kwa chitenje: linali litatuwa ngati phulusa. Analigwira monamizira kukonza bulangeti, napeza kuti ndi lozizira, lonyowa ndi thukuta. Mantha anamugwira pawiri. Kuvundukula mkamwana pamaso pa apongozi kunali kutukwana mudzi wonse. Kutulutsa tcheyamani, eee, anthu ankakalowa m'ndende pa zochepa kuposa zimenezo.

“Adada, tulukani,” anatero. “Tulukani msanga.”

A Chilongo anamufunsa ngati akumudziwa amene akulankhula naye. Chrissy anangogwira nsonga ya chitenje n'kuyamba kukoka. Mkulu uja ataona kuti namwinoyu sakuseka, anadzambatuka n'kuthawira panja, mpando n'kugwa, pakuti nawonso sankayenera kuiona nkhopeyo.

Kunsi kwa chitenje kunali magazi okhaokha, matiresi atamwa mpaka kukhuta. Rebecca ankamva ndithu kuti akutha, koma akanaitana bwanji apongozi ali pakhomo? Chrissy anasisita mimba mwamphamvu kuti chiberekero chilimbe, anabaya jakisoni, anaika diripi pamtsempha umene unkachita kuthawa. Magazi anachepa, koma otayika anali ambiri, ndipo oti amuwonjezere anali ku boma. Galimoto pamalopo inali imodzi yokha.

Anatuluka manja ali psuu, nagwada pafumbi. Pamaso pa amayi onse aja, atavala kale nsalu zovinira, anauza a Chilongo kuti akufuna Landirovayo tsopano lino, magule adikire. Dalaivala anazolika. A Chilongo anayang'anitsitsa manja aja, kenaka analamula kuti atsitse ng'oma m'galimotomo. Iwo anakaima m'mbali mwa munda wa chimanga, nafulatira kuti machira adutse.

“Akupuma?” anafunsa osacheuka.

“Akupuma, adada.”

“Pitani. Nkhani ya inu ndi ine tidzakamba mukabwera, anesi.”

Chrissy anaimva bwinobwino nkhaniyo, koma anakwera. Msewu wake unali woti ngakhale munthu wamoyo wabwino amafika atadwala. Ulendo wonse dzanja limodzi linali m'mwamba ndi botolo la diripi, lina likumvetsera kugunda kwa mtima padzanja la Rebecca, mpaka mikono inachita dzanzi. Anafika naye wamoyo, anamuika magazi, ndipo mawa lake Rebecca anatsegula maso. Chrissy anawerama kuti amve, poganiza kuti afunsa za mwana.

“Anesi,” Rebecca ananong'ona m'Chichewa chake chothyokathyoka, “adada sanandione kumaso?”

Chrissy anapsa mtima mpaka kufuna kumugwedeza. Koma anangokhala pansi m'mbali mwa bedi, misozi ili chuchuchu.

“Sanakuone, mwana iwe. Gona.”